Akavalo Mazana Anayi pa Msewu wa Pajares

Miyezi itatu ndinkagona ndi manambala.
Pa tebulo la kukhitchini, muno mu Pola de Lena,
kope langa lolembamo matenda a ng'ombe
linadzaza ndi matenda a magalimoto:
ya chaka chakuti imatuluka oyilo ngati thukuta,
ya chakuti giya imatsokomola kukazizira,
inayo musaiyandikire, dzimbiri limaidya kunsi.
Amayi ankati, mwana iwe, zaka makumi asanu,
dokotala wa ziweto wathunthu,
galimoto yaliwiro n'njachiyani, ukuthawa ngongole?
Sindinkayankha. Iwo sanakwerepo Pajares usiku,
nkhungu ili mbuu, mlimi akulira pafoni
kuti thole labwera chammbuyo.

Ndinaona zisanu ndi imodzi, zina zonama zaka.
Yachisanu ndi chiwiri inali ku León,
kwa bambo Eutimio, wozula mano wopuma ntchito:
yakuda, yaitali msinkhu, akavalo mazana anayi m'mimba.
Iwo anayamba kundionetsa mipando yachikopa yofunditsa msana.
Ine ndinayala katoni n'kulowa kunsi ndi tochi
monga ndichitira ndi ng'ombe ya pamsika:
usamvere mwini, yang'ana ziboda.
Matayala akutsogolo anadyeka mkati mokha.
Shoko ya kumanzere inkalira misozi yakuda.
Ndinawaonetsa chala chamafuta,
mtengo unatsika ndi mayuro zikwi ziwiri.
Posayina dzanja lawo linanjenjemera,
ati mtunduwo anasankha ndi malemu akazi awo.

Pobwerera ndinaidziwa khalidwe.
Poongoka, mphezi.
Pokhota, mayo ine, ng'ombe ya bere yotsika mtsetse:
kupendama, kuganiza kaye, kenako kuvomera mochedwa.

Xuacu wa pagalaja anaizungulira, manja kumbuyo.
Matani awiri ndi kanthu, Olaya, anatero,
sungaisandutse mphaka.
Koma ulemu tingaiphunzitse.
Anayamba ndi matayala, ati nzeru zonse zimathera pa phula.
Kenako mashoko anayi, masipuling'i ofupikirapo,
chitsulo chonenepa chopingasa kunsi kuti thupi lisamagwere mbali,
timphira tonse totopa kudzala,
mabuleki ndi mafuta ake osawira msanga.
Masabata atatu.
Bilu ndinaiwerenga nditakhala pansi.

Koma inasintha! Ukaloza, yapita.
Chiwongolero chinayamba kundiuza zoona,
pano panyowa, apa pali timiyala.
Phirilo ndinalikwera kawiri popanda chiweto chodwala,
ndikuseka ndekha ngati mtsikana woba njinga ya mlongo wake.

Lamlungu ndinatenga Amayi kupita ku Misa.
Pa miyala yoyala ya kutsogolo kwa tchalitchi
anagwira chiuno chawo chachitsulo, osanena kanthu,
kungokoka mpweya m'mano pa bampu iliyonse.
Lolemba m'mamawa ndinali pakhomo pa Xuacu.
Bweza pang'ono, ndinati.
Anaseka, nagwada, napotokola kanati
kawiri pa shoko iliyonse, tiki, tiki.
Liwiro langa la pokhota linachepako chala chimodzi.
Amayi sanathokoze. Anangogona tulo pobwerera ku Oviedo.

Foni ya usiku ija inabweradi, mu Novembala.
Ndinanyamuka, nyali zikuboola nkhungu,
makona khumi ndi awiri
botolo la mankhwala osagwedera m'bokosi.
Pa kona yakhumi ndi chitatu
ng'ombe za munthu wina zitadzaza msewu,
mabelu m'khosi ali ngo, ngo, ngo,
popanda m'busa, popanda galu.
Akavalo mazana anayi anatsatira michira
mphindi makumi awiri, pa liwiro la maliro.

Nditafika, thole linali litaima kale, lonyowa, likuyamwa.
Mlimi anandipatsa khofi wowawa.
Kenako anatuluka ndi nyali yake
kukaunika matayala anga,
nawasisita, nafunsa mtengo wa limodzi,
naimba likhweru.